Mmene ndinalandirira thandizo la ulova ku Ireland ndili wodzilemba ntchito ndekha

Makasitomala anga awiri akuluakulu atasiya kundipatsa zikalata zomasulira mu 2024, ndinkaganiza kuti ife odzilemba tokha ntchito sitiwerengeredwa pa thandizo la ulova. Ndinali wotsalira. Kuyambira Novembala 2019, boma la Ireland limapereka thandizo la ulova lotchedwa Jobseeker's Benefit kwa anthu ngati ife.

Choyamba ndinafufuza mbiri ya PRSI yanga, ndalama za inshuwalansi ya boma zimene ogwira ntchito amalipira. Odzilemba okha timalipira ya gulu lotchedwa Class S limodzi ndi msonkho ku Revenue, bungwe lotolera misonkho, ngati tapeza mayuro 5,000 kapena kuposerapo pachaka. Kuti ulandire thandizoli, boma limafuna kuti ukhale utalipira masabata 156 a Class S, kapena 104 a Class A ngati unalembedwapo ntchito. Apa ndinalibe nkhawa.

Pomwe mtima unagunda ndi pa lamulo lachiwiri: masabata 52 a Class S m'chaka chimene iwo amayang'ana. Ine ndinathamangira mapepala a 2023, chaka chimene ndinapeza bwino. Ayi ndithu, amabwerera zaka ziwiri m'mbuyo. Wopempha mu 2024 amamuyeza ndi 2022. Chaka chimenecho ndinadwala miyezi ingapo, ndipo ndinangodutsa pang'ono malire a 5,000 aja. Ndikanapanda kudutsa, bwenzi ndikupempha Jobseeker's Allowance, thandizo lina la ulova limene amayamba awerengera ndalama zonse za pakhomo, za mkazi wanga zomwe.

Kenaka panabwera chovuta kumeza. Thandizoli si la munthu amene bizinesi yangozilala kwa kanthawi kapena imatseka nyengo zina. Uyenera kuti waisiyadi. Ndinakhala sabata yathunthu ndikuzengereza, chifukwa kutseka chinthu chimene wachilera zaka zisanu ndi ziwiri kumawawa. Ndinauza Revenue kuti ndasiya, ndipo chikalata chotsimikizira zimenezi ndinachisunga.

Zotsalazo zinali zachangu. Ndinapempha pa MyWelfare, webusaiti ya boma yopemphera thandizo, ndi akaunti yanga ya boma ya MyGovID, kenaka ndinakaonekera ku Intreo, ofesi ya boma yothandiza ofuna ntchito, kumene anandifunsa za ntchito zimene ndikufunsira. Sungani makalata onse ofunsira ntchito, ngakhale amene sanayankhidwe.

Popeza masabata amene ndinalipira PRSI anapitirira 260, anandipatsa miyezi 9. Osafika pamenepo amalandira miyezi 6. Mwezi wachinayi ndinapeza ganyu wa masiku awiri pasabata pakampani ina, ndipo ndinawadziwitsa tsiku lomwelo. Amalola kulembedwa ntchito mpaka masiku atatu pasabata, n'kumakulipira masiku otsalawo.