Atate abwerako ku Lusaka

Abale anga, atate afika kuno ku Chipata dzulo madzulo, atatha masabata angapo ku Cancer Diseases Hospital komwe amawawotcha kansa ya prostate (kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo) ndi makina a radiotherapy. Lolemba mpaka Lachisanu, tsiku lililonse. Mulungu ndi wabwino, ali moyo ndipo nsima akudya.

Koma thupi lafooka. Usiku amadzuka kasanu kukataya madzi, mkodzo ukuwotcha, m'mimba namo mumatseguka. Adokotala anatifotokozera kuti chikhodzodzo ndi matumbo akumunsi zili pafupi kwambiri ndi prostate, ndiye mphamvu ya makina ija imazikhudzanso, zimatupa mkati. Kwa ambiri zimenezi zimachepa pakapita masabata angapo.

Chimene chinandigwira mtima ndi pepala la magazi. Ine ndinkangodziwa PSA basi, muyezo wa m'magazi umene amaonera za prostate. Pali CRP, yomwe chiwindi chimapanga yambiri thupi likatupa penapake. Palinso maselo oyera, ma neutrophil ndi ma lymphocyte, ndipo ma lymphocyte sachedwa kutsika munthu akamawotchedwa. Akatswiri akufufuzabe ngati manambala amenewa angaonetseretu amene adzavutike kwambiri. Ine ndikulakalaka atapeza yankho, chifukwa munthu wochokera ku Chadiza kapena Lundazi, Lusaka ili kutali chonchi, akanapita atakonzeka.

Inu amene muli ndi makolo pa chithandizochi, funsani za magazi awo, musaope. Ndipo mukaona magazi m'chimbudzi, thupi likatentha, kapena mkodzo ukatsekeka, thamangani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Azibambo athu amabisa, atate anabisa sabata yathunthu poopa kutidetsa nkhawa.

Amalume a ku Katete, atate akukufunsani. Bwerani Loweruka.