Msonkho wa katundu pa boda amauwerengera bwanji?

Anzanga ambiri a ku Kamwala amangodandaula kuti msonkho wawawa pa Nakonde koma sadziwa kuti a ZRA, bungwe lotolera misonkho ku Zambia, amayambira pati. Sayang'ana mtengo wa pa risiti wokha ayi, amaphatikizapo ya transipoti ndi inshuwalansi, zonsezi pamodzi amazitcha CIF, ndipo msonkho amauwerengera pamenepo. Kenako katundu aliyense ali ndi HS code yake, nambala yosonyeza mtundu wa katunduyo ndi msonkho wake: zopangira zinthu m'mafakitale zimalipira pang'ono, 0 kapena 5 peresenti, koma zopangidwa kale nthawi zambiri ndi 25.

Chimandipweteka ine ndi VAT ya 16 peresenti, poti amaiwerengera pamwamba pa duty, msonkho wa pa boda womwewo, msonkho pa msonkho! Ndiye ngati katundu wanu anapangidwa ku Malawi kapena Kenya, chonde musasiye satifiketi ya COMESA (bungwe la zamalonda la mayiko a m'dera lino) yosonyeza dziko lomwe katunduyo anapangidwira, ikakhalapo duty imachoka.