Lachitatu ku madimba a Thuchila: kopa pa chimanga chofika m'mawondo

Kwacha ndi chiperoni. Phiri la Mulanje silimaoneka n'komwe, ndipo masamba a chimanga cha m'dimba anali chinyowere mpaka 10 koloko. Ntchito yopopera inayenera kudikira, chifukwa mankhwala akagwera pa tsamba lonyowa amangoyenderera pansi. Nthawi yodikirayo inathera poyendera mizere.

Kumunsi kwa dimba, kumene dothi ndi lakuda bii lodzaza zoolerana, chimanga chili ndi masabata asanu koma masamba a kunsonga ndi otuwa, opiringizika, ndipo nsonga zake zauma n'kulendewera. Masamba a m'munsi ndi obiriwira bwinobwino. Apa ndi pofunika kuyang'anitsitsa. Njala ya yureya imayambira masamba a m'munsi. Kusowa kwa zinki kumajambula mizere yoyera yaikulu mbali zonse za msana wa tsamba. Ntchemberezandonda zimaboola ndipo zimasiya ndowe m'kati mwa nsonga. Zonsezi panalibe. Chotsala ndi kuchepa kwa kopa, mchere wa mkuwa umene mbewu imaufuna pang'ono zedi, koma ukasowa mungu umafooka ndipo chisononkho chimatuluka cha magweru. Dothi la zoolerana zambiri limaugwira osaupereka ku mizu, la mchenga lokokoloka ndi mvula ya kuno limakhala nawo wochepa. Feteleza wa 23:10:5+6S+1.0Zn alibe kopa, yureya alibenso, ndipo kuchulutsa yureya kumangokulitsa vutoli.

Njira yotchipa ili m'mashopu a zaulimi momwemu: ufa wobiriwira uja alimi a tomato amangouti kopa, pa paketi polembedwa copper oxychloride 50 WP. Theka la kulemera kwake ndi mkuwa. Podyetsa mbewu, magalamu 500 amakwana hekitala, kutanthauza magalamu 200 pa ekala. Ekala imamwa malita 80, omwe ndi masipuleya asanu a malita 16, choncho sipuleya iliyonse imalandira magalamu 40. Dimba la lero ndi kota ya ekala: malita 20, magalamu 50. Ufawo unayezedwa pa sikelo ya pagolosale kamodzi, n'kuika chizindikiro pa kapu yapulasitiki kuti mawa pasakhalenso kuyerekeza ndi maso. Kopa wochuluka amawaula masamba, ndipo wotsala m'dothi sachokamo msanga.

Kasakanizidwe: ufa uyambe wasungunulidwa m'kachitini ka madzi ochepa mpaka ukhale ngati phala lamadzimadzi, kenaka uthiridwe mu sipuleya yokhala ndi madzi theka kudzera pa sefa, n'kudzazitsa. Ufawu susungunuka kwenikweni, umangoyandama m'madzi kenaka n'kumakhazikika pansi, ndiye wopopera azigwedeza sipuleya akamatha mizere iwiri kapena itatu. Akapanda kutero, mizere yoyamba imadya mankhwala onse okhala pansi pa thanki, yomaliza n'kulandira madzi okhaokha.

Mayi wina wa dimba loyandikana anabwera ndi miyala yabuluu ya copper sulphate. "Bambo, nanga iyi siingagwire ntchito?" Imagwira, koma yokha ndi yaukali. Gawo limodzi mwa magawo anayi ndi mkuwa, imasungunuka yonse, ndipo imawotcha tsamba msanga. Mlingo wake ndi magalamu 2 pa lita, ndiye kuti magalamu 32 pa sipuleya, pamodzi ndi magalamu 32 a laimu woyera womangira, osati laimu wothira m'munda. Chilichonse chisungunulidwe m'ndowa yakeyake yapulasitiki, kenaka madzi abuluu athiridwe mu laimu uku mukutakasa, n'kusefa pa nsalu kuti nozo isatseke. Ndowa yachitsulo ayi, kopa amaidya. Poyesa, viikani msomali watsopano kwa mphindi imodzi kapena ziwiri: ukatuluka wofiirira, laimu wachepa, onjezerani. Msanganizowu sugona, upoperedwe tsiku lomwelo. Ndipo kopa wa mtundu uliwonse asakumane mu thanki ndi feteleza wamadzi wokhala ndi fosifeti, amagwirana n'kukhala matope.

Dzuwa linatuluka masana, masamba anauma, ndipo kupopera kunayamba cha m'ma 3 koloko kutentha kutachepa. Mphepo inali itadekha. Nozo inkayenda pafupifupi theka la mita pamwamba pa nsonga, tsamba lingonyowa koma lisachite kudontha. Wopopera anavala magolovesi, nsapato za jombo ndi chotchinga pakamwa ndi pamphuno.

Mizere inayi ya pakati inasiyidwa dala, n'kuzikapo zikhomo. Iyi ndiye mfundo yaikulu ya tsikuli, chifukwa si munda uliwonse ku Mulanje kapena ku Thyolo umene ukusowa kopa, ndipo kupopera munda wosasowa n'kutaya ndalama. Pakatha masabata awiri, masamba atsopano a mizere yopopera akatuluka otambasuka ndi obiriwira kuposa a mizere inayi ija, ndiye kuti vuto linalidi kuchepa kwa kopa. Masamba opiringizika kale sawongoka. Kopa sayenda bwino kuchoka m'tsamba lakale kupita m'latsopano, n'chifukwa chake pamafunika kubwereza pakatha masabata awiri kapena atatu, koma ngayaye zisanatuluke. Wofuna kutsimikiza angathe kupempha alangizi kuti dothi likapimidwe ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Bvumbwe.

Kutsuka sipuleya kunachitikira kumtunda, kutali ndi ngalande. Madzi otsukira katatu anathiridwa m'dzenje n'kukwirira. Kopa amapha nsomba ngakhale atachepa, ndipo ngalande ya dimbali imadutsa pa damu la chambo isanakathire mumtsinje. Paketi yotsala inamangidwa mu jumbo n'kukaikidwa pamwamba, poti ana sangafikire komanso chinyezi cha chiperoni sichingaumbitse ufawo.