Mmene statistics inalowera m'mutu mwanga kudzera mu kope la kabaza

Chaka chomwe ndinkabwereza MSCE mafunso a statistics ndinkangowadumpha pa past paper. Vuto langa linali loloweza mafomula ngati katekisimu, funso akangolipotoza pang'ono basi zonse balala.

Chinandipulumutsa ndi kope la achimwene anga omwe amapalasa kabaza pa Kasungu boma, amalembamo zomwe apeza tsiku lililonse. Ndinatengamo masiku asanu: K4,000, K5,000, K5,000, K6,000, ndiye tsiku lachisanu K30,000 chifukwa bambo wina atagulitsa fodya ku Chinkhoma anawagwira tsiku lonse kumututira katundu. Kuphatikiza zonse K50,000, kugawa ndi 5, mean yake K10,000. Nditawauza kuti achimwene inu mumapeza teni sauzande patsiku anaseka mpaka kutsamwa, amvekere "iwe, zikanakhala choncho bwenzi ndikuyendera njinga yamoto pano." Ndipo amanena zoona, tsiku limodzi lija ndi lomwe linakokera mean m'mwamba. Ndiye ndinasanja manambala aja kuyambira laling'ono, lapakati linali K5,000, imeneyo ndiye median, ndipo mode nayonso K5,000 poti ndi nambala yomwe yabwera kawiri. Manambala akakhala 6 kapena 8 umatenga awiri apakatiwo nkuphatikiza nkugawa ndi 2, apa palibe chovuta.

Standard deviation ndiye inanditengera sabata yathunthu. Nambala iliyonse umachotsapo mean, ine ndinkawerengera m'masauzande kuti maziro asandisokoneze, zinatuluka -6, -5, -5, -4 ndi 20. Iliyonse uchulukitse ndi iyo yomwe: 36, 25, 25, 16, 400, pamodzi 502, kugawa ndi 5 ndi 100.4, imeneyo variance. Ine ndinkathera pompa nkumadabwa kuti yankho langa silikufanana ndi la kumapeto kwa buku bwanji, kumene ndaiwala square root. Ukaipanga pa kalikuleta imabwera 10 ndi kapang'ono, kutanthauza pafupifupi K10,000, ndalama za achimwene zimangodumphadumpha osakhazikika.

Probability ndinaiphunzira ndi zitsekero za mabotolo zomwe ndinatola pa grosale. Ndinaika mu jumbo zitatu za Fanta ndi ziwiri za Coke. Mwayi wotola Fanta ndi 3/5, bhobho. Koma funso likati watola ziwiri osabwezamo yoyamba ija, mwayi woti zonse zikhale za Fanta ndi wotani, ine ndinkalemba 3/5 kuchulukitsa 3/5 nkupeza 9/25, zolakwika. Tsiku lomwe ndinasuzumira mu jumbo muja nditagwira chitsekero chimodzi cha Fanta kumanja ndinaona ndekha kuti mwatsala zinayi ndipo za Fanta ndi ziwiri, ndiye 3/5 kuchulukitsa 2/4, yankho 6/20 kapena 3/10. Kuchokera pamenepo tree diagram, chojambula cha nthambi chosonyeza zomwe zingatuluke, inasiya kuoneka ngati mizere ya ufiti, nthambi iliyonse ndimadzifunsa kuti mu jumbo mwatsala chiyani.

Madaisi a ludo nawonso ndinabwereka kwa ana apaneba. Awiri akagwa pamodzi pali njira 36, ndipo 7 imatuluka munjira 6 pomwe 12 ndi njira imodzi yokha, 6 ndi 6. Aphunzitsi athu a night anatiuza kuti masamu amenewa anakula chifukwa cha njuga, Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat ankalemberana makalata mu 1654 kukambirana kagawidwe ka ndalama masewero akadukizidwa panjira. Msuweni wanga wokonda kubetcha ndinamuuza kuti khobidi likagwa head kasanu motsatizana, kachisanu ndi chimodzi mwayi wa tail ukadali 1/2 chifukwa khobidi silikumbukira, koma mpaka lero amatsutsa.

Pa mayeso funso linabwera la mipira yofiira ndi yabuluu m'thumba, ine m'mphepete mwa pepala ndinalemba F ndi C kaye kenako nkujambula nthambi zanga.