Musatseke mpata wa pakati

Anzanga okonzanso nyumba zakale, chonde mpata wa pakati muziusiya! Kum'mwera kwa dziko la United States anthu ankamanga nyumba zotchedwa dogtrot: zipinda ziwiri zamitengo pansi pa denga limodzi, pakati n'kusiya mpata wopanda zitseko. Mphepo ikapanikizika mumpatamo imathamanga, ndiye nyengo yotentha banja linkadyera ndi kuchezera pomwepo. Pambuyo pake ambiri anakhomapo matabwa pofuna chipinda china, mphepo ija n'kusowa podutsa. Zimandiwawa ndithu.

N'chifukwa chake ndimawayamikira a bungwe losunga mbiri yakale la St. Clair Historical Society. M'zaka za m'ma 1970 anakonzanso nyumba ya dogtrot ya John Looney kufupi ndi Ashville, ku Alabama, yomangidwa cha m'ma 1820, mpata wa pakati n'kuusiya wotsegula. Inamangidwa yosanja, zomwe sizinkachitikachitika pa nyumba zoterezi. Mu 1974 inalowa m'kaundula wa boma wa malo a mbiri yakale.