Nkhuku ya Arthur Morgan

Mlamu wanga wa ku Joni anabwera ku Kasungu pa Khirisimasi ndi PlayStation 4, ndipo pobwerera anandisiyira kuti ndimusungire. Kumeneko ndiye kusungitsa nyama kwa fisi. Munali gemu imodzi yokha, Red Dead Redemption 2, imene a Rockstar Games anatulutsa mu 2018, ndipo kuyambira pamenepo kashopu kanga ka mafoni ndinkatseka dzuwa lisanalowe.

Mugemumo umayendetsa munthu wotchedwa Arthur Morgan, ku America, m'chaka cha 1899, nthawi ya mahatchi ndi mfuti zam'chiuno. Arthur ndi chigawenga cha gulu la Dutch van der Linde, amene anamutola ali kamnyamata n'kumuphunzitsa kuwerenga ndi kuwombera. Amabera anthu m'sitima, amathyola mabanki, koma munthu yemweyo umamupezanso akupesa hatchi yake mwachikondi, kapena akujambula mbalame ndi pensulo m'kabuku kake. Pali kamzere kosonyeza ulemu wake. Ukapatsa anthu moni kapena kuthandiza wovutika panjira kamakwera, ukawombera wosalakwa kamatsika. Kanga kankangozungulira pakati.

Loweruka lina madzulo ndinali pakhonde, pafoni, ndikukangana ndi mnzanga mphunzitsi amene anamaliza kale gemuyo. Iye amati Arthur ndi mfiti basi. Ine ndinakwera mawu.

“Aise, munthu ameneyu sukumudziwa ngati ine. Zoona wapha anthu, dzulo lomweli tinagwetsa awiri pamlatho. Koma mtima ali nawo. Ndiye pano ndi chifuwa chachikulu chimene chamugwirachi, akutsokomola magazi, ndimamumvera chisoni. Ine ndimachezera naye usiku wonse pabalaza, mayi a mwana akagona.”

Kuseri kwa chipupa apongozi anga, amene anabwera kuchokera ku Santhe kudzaona mdzukulu, anali pamphasa akusenda mtedza. Ife ndi apongozi sitiyang'anana kumaso, ndiye funso lawo linapita kwa mwana wawo kukhitchini: Arthur ameneyu ndani? Mayi a mwana, amene anali atatopa kale kugona okha, sanawonjezere kapena kuchotsera. “Ameneyo ndiye wandilanda mwamuna, amayi. Amabwera magetsi akayaka, amachoka magetsi akazima.”

M'mawa apongozi anakwera minibasi yoyamba, tiyi osamwa.

Lamulungu lotsatira ndikuchokera kutchalitchi ndinapeza mipando yanga yonse ili panja, pansi pa mango. Panali atsibweni a mkazi wanga, amalume anga ochokera ku Chamama atavala jekete la pamaliro, bambo wina wa chitetezo cha m'mudzi ali ndi wezulo m'khosi, ndi mlangizi wa zaumoyo atanyamula timabotolo ta makhololo. Ana a aneba, amene amadzaza pakhomo panga tsiku lililonse, anali ataima patali, atatseka mphuno ndi malaya.

“Mkamwini, khalani pansi,” anatero atsibweni. “Mutulutseni mlendo wanu.”

“Mlendo uti, atsibweni?”

“Wachifuwa uja. Wopha anthu pamlatho.”

Ndinaseka ndekha. Palibe anandithandiza kuseka. Ndinathamangira m'nyumba kuti ndiyatse TV nkhani ithe, ndipo mukudziwa kale chimene ndinapeza. Magetsi kulibe. Ndinatuluka manja ali lende n'kunena mawu amene anandimaliza: “Pepani akuluakulu, Arthur satuluka magetsi akazima.”

Amalume anavula chipewa. Anasendera pafupi n'kundinong'oneza, koma monong'oneza mwa munthu wogontha khutu limodzi, moti anamva ndi a kutsidya kwa msewu: “Mphwanga, tiuze zoona. Ndi ndondocha? Kashopu kaja ndiye kakuyendera zimenezi?”

Tinadikira. Mayi a mwana anaphika nsima, anthu anadya ndiwo zanga za sabata yonse, aliyense akuyang'ana chitseko cha pabalaza. Cha m'ma 3 koloko firiji inalira, ana anakuwa kuti “ayaka!”, wachitetezo n'kuika wezulo pakamwa kukonzekera. Ndinayatsa. Arthur anatulukira pasikirini, ndevu zake, chipewa chake, ali pahatchi.

Ndinkayesa kuti aseka n'kubalalika. Ayi ndithu. Atsibweni anakoka mpando n'kunena kuti anthu awononga thiransipoti kudzazenga mlandu, ndiye mlandu uzengedwe. Wolakwa ndi uyu tamuona, tsopano timve zimene anachita.

Ndinatsegula pamene ndinasunga gemuyo kale, pa nkhani ya ngongole. M'gulu la Dutch muli mkulu wina wa magalasi, Leopold Strauss, wochokera ku Austria, amene ntchito yake ndi katapila. Iye amakongoza, Arthur amakatolera. Mmodzi mwa okongola ndi Thomas Downes, mlimi wosauka wa kufupi ndi tauni ya Valentine, wodwaladwala, amene ukamupeza amakhala ali m'kadimba kake. Ndinayendetsa Arthur mpaka pamenepo, ndinadina, chibakera. Ndinadinanso. Downes anagwa, akuchonderera kuti alibe kanthu, kenako anatsokomolera Arthur magazi kumaso. Chifuwa chija chinalowera pomwepo.

Amalume anaimirira. Iwo ndi mlimi wa fodya wa bale, ndipo chaka china anagulitsa mabelo awo ku Chinkhoma, ndalama yonse n'kuthera m'manja mwa wakatapila amene anawakongoza ya feteleza mu Disembala, njinga n'kupita nayonso. Ndiye za hatchi ndi mbalame zojambula sanafune kumva. “Uyu ndi satana wovala chipewa. Wakuba sitima ndingamukhululukire, sitima si yanga. Koma womenya mlimi m'munda mwake?”

Atsibweni, amene ndi mkulu wa mpingo, anafunsa ngati munthuyo analapa. Apa ndinalankhula ngati loya wolipidwa. Ndinati dokotala wa mumzinda wa Saint Denis atamuuza matenda ake, Arthur amasintha. Amathamangitsa Strauss pamsasa. Amakumana ndi mkazi wamasiye wa Downes ku Annesburg, tauni ya migodi ya malasha, akuvutika ndi mwana wake, n'kuwapatsa ndalama kuti achokeko. Mnzanga uja anandiuzanso kuti kumapeto amathandiza John Marston, mnzake wa m'gululo, kuthawa kuti akakhale ndi mkazi ndi mwana wake. Atsibweni anagwedeza mutu n'kukumbutsa anthu za mbava ya pamtanda ija.

“Mbava ya pamtanda sinatolere katapila,” anatero amalume. “Ndalama yopatsa mkazi utamupweteka mwamuna wake, chimenecho ndi chipepeso kapena chiphuphu?”

Mlangizi wa zaumoyo yekha ndiye analibe mbali. Iye chinamukhudza ndi choti mu 1899 mankhwala a TB kunalibe, oyamba anabwera m'zaka za m'ma 1940, moti dokotala uja anangouza Arthur kuti akapume kumalo kotentha ndi kouma. “Akanakhala wa kuno, miyezi 6 ya mankhwala, aulere kuchipatala cha boma, bwenzi pano akulima,” anatero, akuyang'ana Arthur mwachisoni.

Mkangano unatentha mpaka wachitetezo anaimba wezulo. M'kachetechete ameneyo munamveka mawu a apongozi kuseri kwa chitseko, akulankhula ndi mwana wawo, koma mokweza bwino.

“Tawafunsa bambo a mwanawo. Pamene amamenyedwa wodwala uja, zala zimene zimadina zinali za ndani?”

Ndinafotokoza kuti pamenepo gemu siyikupatsa mwayi wosankha, ukakana nkhani siyipita patsogolo, ndinangochita zimene ndinauzidwa.

“Eya,” anatero amalume. “Arthur nayenso akuti anatumidwa ndi Strauss.”

Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ankhoswe a mbali zonse anagwirizana. Mlandu wa Arthur anauimitsa kufikira nditamaliza gemu, aone mmene afere. Wanga unatha pomwepo: nkhuku imodzi ya chipepeso kwa mayi a mwana, thiransipoti ya onse, ndiponso Arthur azichoka pakhomo pano 9 koloko isanakwane, magetsi ayake asayake. Ndinati nditsutse, malovu anandipalira, ndinatsokomola kawiri. Mlangizi uja sanayankhule, anangonditambasulira kabotolo.

Zotsatira zinatuluka zabwino. Tambala wanga wofiira anadyedwa. Amalume tsopano amandifulasha madzulo alionse, ndikawaimbira moni sapereka, amangofunsa ngati wotolera katapila uja wafa. Akuti akafa ndiwadziwitse msanga, koma ndisayembekezere kuti abwera ndi ufa.