Makobidi awiri a chaka cha 1311

Ku Tehran, likulu la dziko la Iran, ndinapitira ntchito ina, koma tsiku lomaliza ndinalisungira msewu wa Ferdowsi, komwe kuli osintha ndalama ndi timashopu togulitsa makobidi akale. Ndakhala ndikutolera makobidi a siliva kwa zaka zingapo, koma a ku Persia (dzina lakale la Iran) ndinkangowaona pa intaneti.

M'kashopu kena, bambo wachikulire anandithirira tiyi m'kagalasi, kenako anayala kansalu n'kuikapo makobidi awiri. Onse anali ndi mkango wogwira lupanga, dzuwa likutulukira kumsana kwake. Onsenso analembedwa 1311 m'manambala a Chiperisiya. Kudzera mwa mdzukulu wawo yemwe ankamasulira, anandifunsa ngati anasulidwa chaka chimodzi. Ndinavomera. Iwo anapukusa mutu.

Laling'onolo linali qiran (ndalama ya nthawi imeneyo) ya Naser al-Din Shah, mfumu ya banja la Qajar yomwe inalamulira kuyambira 1848 mpaka 1896. Nthawi imeneyo zaka ankaziwerenga potsata mwezi, pa kalendala ya Chisilamu, choncho 1311 wake ndi cha m'ma 1893. Mu ulamuliro wake ndi momwe anasiya kusula ndalama ndi nyundo m'mizinda yosiyanasiyana n'kuyamba kuzidinda ndi makina ku Tehran. N'chifukwa chake m'mphepete mwake muli bwinobwino, pomwe akale amakhala okhotakhota.

Lalikululo, lolemera m'manja, linali la ma rial 5 a Reza Shah, mfumu ya banja lotsatira la Pahlavi. Chiyambire 1925 dzikolo limawerenga zaka potsata dzuwa, ndiye 1311 uyu ndi 1932, chaka chomwe rial inalowa m'malo mwa qiran. Nambala ndi imodzi, koma pakati pake pali zaka pafupifupi 39, banja lachifumu litasintha, kalendala itasintha, ndalama nayonso itasintha dzina. Ndinakhala chete kwa kanthawi, ndikungowatembenuza. Kwa ine apa ndiye pagona kukoma kwa makobidi a ku Iran: sungawadziwe usanaphunzire mbiri ya eni ake.

Bambowo sanandilole kulipira asanawaike pasikelo ndi kuwayandikiza ku maginito, poti achinyengo alipo ambiri. Mkango uja sudindidwanso pa ndalama zawo chichitikire kusintha kwa boma kwa 1979.

Ndinagula onse awiri. Anawakulunga aliyense m'kapepala kake, n'kulemba ndi pensulo chaka chathu kunja kwake: 1893 ndi 1932.